Galu wa Kumbuyo kwa Kamera

Makiyi a galimoto ya a Orrin Skaar anali atatha miyezi inayi ali m'chikwama cha mwana wawo Corinne, ndipo nkhani ya agalu inali itawakwana. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene wathera moyo wake wonse kuthengo kujambula mbalame ndi nyama, tsopano ankangokhala patebulo la kukhitchini kuyang'ana pepala limene Corinne anawasindikizira: mitundu khumi ya agalu oyenera munthu wojambula zithunzi kutchire. Pepalalo linali litathimbirira ndi khofi, ndipo mitundu isanu ndi umodzi inali itakhwatchidwa kale ndi cholembera.

Mlanduwu anaupalamula okha, ndipo ankadziwa. Galu wawo, Opal, anafa kumayambiriro kwa Novembala atakhala nawo zaka khumi ndi zinayi. Patangotha masabata atatu, a Orrin anapita okha kumtsinje wa Teton, kunsi kwa mapiri, kukadikira kadzidzi wina amene ankakonda kutera pa chitsa. Anakhala pa kampando kawo maola atatu, diso lili pa kamera, phee. Pomwe ankalongedza katundu kuti azibwerera, anaona mapazi pa chipale chofewa kumbuyo kwawo. Anali mapazi a chimbalangondo, aakulu ngati mbale, ataponda pamwamba pa mapazi awo omwe. Chilombocho chinafika pafupi, masitepe khumi okha, chinaima n'kuwayang'ana msana, kenako n'kumapita. Iwo sanamve kanthu. Khutu lamanzere linagontha kalekale, ndipo kachipangizo kothandiza kumva ankakasiya m'kabati, poti mphepo ya kuno imaimba mluzu m'menemo.

Munthu wanzeru akanangofufuta mapaziwo ndi nsapato n'kutseka pakamwa. Koma wojambula ndi wojambula basi. Dzuwa linali litapendeka bwino, mithunzi ya zikhadabo ikuoneka umodziumodzi, ndiye mkuluyu anagwada n'kujambula. Si zokhazo ayi, Lamlungu lake Corinne atabwera kudzawaona, anamuonetsa chithunzicho akunyadira.

"Taona kuwala kwakeko," anatero.

Corinne ndi namwino ku Great Falls, ndipo anaona kale mmene munthu amaonekera akakumana ndi chimbalangondo. Kuwalako sanakuone. Anaona chidindo cha nsapato ya bambo ake chitaphwanyidwa ndi phazi la chilombo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka, anatenga makiyi pamsomali n'kuwaponya m'chikwama.

"Adadi, amayi ndinawaika m'manda ali athunthu. Inu sindikufuna kukakutolani m'thumba la pulasitiki."

"Ndiye ndizitani? Ndiziluka masokosi?"

"Mupeze galu woti azikuonerani kumbuyo, monga ankachitira Opal. Zimbalangondo zimagona m'mapanga nyengo yonse yozizira, mpaka Malichi. Zikadzuka inu mulibe galu, nyumba ino tikhoma, mubwere kwathu. Chipinda chapansi chija chilipo."

Chipinda chapansicho a Orrin ankachidziwa. Kazenera kake kanali m'mwamba, kolingana ndi msewu, moti ukasuzumira umangoona matayala a magalimoto ndi miyendo ya anthu. Akanakana ndithu, koma Corinne anali akulira mwakachetechete, mmene ankalirira malemu mayi ake, ndiye anavomera. Analonjeza. Vuto ndi lakuti Malichi ndi mwezinso umene atsekwe oyera amatera kunyanja ya Freezout, zikwizikwi mpaka madzi osaoneka, ndipo kwa zaka makumi anayi a Orrin sanajombepo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Corinne ankafika m'mawa, maso ali psuu ndi ntchito ya sabata yonse, n'kuwatenga kukaona agalu. A Orrin sankasiya kamera. Ankati iwo chinthu sachidziwa mpaka atachiona kudzera m'kamera.

Woyamba anali wa mtundu wa Husky, wa ku Kalispell, waubweya wotuwa, maso ake abuluu. Abale, galu uja anali wokongola! A Orrin anamujambula zithunzi mazana awiri asanamukhudze n'komwe, ndipo anamutenga kuti akamuyese sabata imodzi. Lachiwiri lake anapita naye padambo lakuseri kwa nyumba, n'kumangirira chingwe chake ku mwendo wa choimikapo kamera. Gwape anangodutsa chapatali. Zimene zinatsatira a Orrin sakonda kuzikamba, koma theka la tauni yawo ya Choteau linaona galu akudutsa pamsewu waukulu akukhwekhwereza miyendo itatu yachitsulo, mdala ali pambuyo wefuwefu. Kamera inapulumuka, koma galasi lake lalitali linapita kokakonzedwa.

Wachiwiri anali Labrador wachikasu, wamtima wabwino, wokonda aliyense. Ameneyu atangoona abakha anangoti chubwi m'madzi, kenako n'kubwera kudzadzikutumula pa kamera. Wachitatu anali Collie, wanzeru kuposa anthu ena amene a Orrin ankawadziwa, koma kukhala pansi ankakuyesa matenda. Ankatola kamtengo n'kudzaima kutsogolo kwa kamera, maso ali tong'o, kudikira kuti amuponyere. Enawo tisawatchule n'komwe. Onse ankachoka pakhomo paja atajambulidwa bwino, ndipo onse ankabwezedwa kumene anachokera Loweruka lotsatira.

"Orrin," anatero mnzawo Delbert Aune tsiku lina pamalo omwera khofi, "iwe agalu ukuwasintha kuposa mmene ine ndinasinthira akazi. Bwanji osangogula mbuzi?"

Anthu anaseka, a Orrin nawo anasekako pang'ono, koma mtima unali utalema. Anali atatopa ndi misewu yaitali, atatopa ndi fungo la makola, atatopa ndi anthu owaonetsa mapepala a makolo a galu mpaka agogo a agogo ake. Galu aliyense akalowa m'nyumba ankathamangira kukanunkhiza pakona pamene Opal ankagona, ndipo iwo ankapsa mtima osadziwa kuti akupsera ndani.

Lachinayi la sabata yachiwiri ya Malichi anaona mzere woyamba wa atsekwe ukudutsa m'mwamba. Tsiku lomwelo Delbert anawauza kuti mlimi wina waona mapazi atsopano a chimbalangondo kunsi kwa mapiri. Loweruka Corinne atafika, pampando wakumbuyo wa galimoto yake panali makatoni opinda olongedzeramo katundu, ndi tepi yomatira. Sanawatsitse, sananenenso kanthu za iwo. A Orrin anawaona ndithu.

Anakwera galimoto ya a Orrin monga mwa masiku onse, poti ndi imene inazolowera ubweya wa agalu. Woyendetsa anali Corinne.

"Lero ndi kuti?" anafunsa a Orrin.

"Ku Augusta. Kuli mayi ena, a Marlys Dubray, amasunga agalu otayidwa. Akuti ali ndi galu wa mtundu wa Vizsla."

"Nambala seveni pa pepala lako lija."

"Si langa, Adadi, ndinangosindikiza." Anayasamula mpaka nsagwada kulira. "Ndipo ndikuuzirenitu, uno ndi ulendo womaliza. Ine ndatopa."

"Wakukakamiza ndani? Ndipatse makiyi anga, uzigona Loweruka ngati anzako."

"Ndikakupatsani ndiye ndizigona bwanji?"

A Orrin anayang'ana kunja. Mphepo inkakankha galimoto chammbali, minda ya tirigu ili mbee, chipale chitangotsala m'makhwawa mokha. 

A Marlys anali mayi wamfupi, wojintcha, atavala jekete lachimuna ndi nsapato zamphira zamatope, akutafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavula makoko pambali. Kuseri kwa nyumba yawo kunkamveka phokoso la agalu loti ngakhale a Orrin analimva.

"Ndinu a Skaar a makalendala aja?" anatero a Marlys. "Kalendala yanu ndili nayo kuchimbudzi. Ndi ya chaka chatha, koma zithunzi zake n'zabwino."

"Zikomo, mayi. Ndi malo abwino amenewo, munthu amakhala ndi nthawi yoyang'ana."

A Orrin anawapatsa pepala lija. A Marlys analiwerenga atalitalikitsa, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Analemba izi ndani? Ameneyu anakhalapo pachisanu maola atatu osagwedezeka? Tayani izi, bambo. Ingondionetsani chithunzi cha galu wanu wakale, ndione kuti munazolowera wotani."

A Orrin anatulutsa foni. Apa ndiye panalibe vuto, zithunzi ndi ntchito yawo. Anayamba kusuntha chala: atsekwe, atsekwe, kadzidzi, nkhandwe, mapiri m'bandakucha, Husky uja, Husky uja kachiwiri, Labrador, mphuno ya Collie. Anabwerera chaka chatha, n'kubwereranso chaka chinacho. 

"Zili kunyumba," anatero. "M'kompyuta."

"Mulibe," anatero Corinne motsitsa mawu.

"Ukudziwa bwanji iwe? Muli zithunzi zopitirira theka la miliyoni m'menemo."

"Ndinafufuza, Adadi. Atafa Opal ndinkafuna ndikuikireni chimodzi m'felemu. Ndinatha Lamlungu lathunthu. Ndinangopeza chimodzi pamene panaoneka nsonga ya khutu lake pakona, ndipo inu munachiika m'gulu la zotaya."

A Orrin anatsitsa foni. Zaka khumi ndi zinayi! Anayesa kukumbukira nkhope ya Opal kuti aifotokoze ndi pakamwa. Anali wofiirira, inde. Anali ndi choyera pachifuwa, kapena chinali paphazi? Manyazi anawagwira ngati munthu amene waiwala dzina la mkazi wake pagulu.

"Anali galu basi," anatero. "Wapakatikati."

A Marlys analavula khoko. "Chabwino. Kakhaleni kumunda uko, mugwire ntchito yanu mmene mumagwirira masiku onse. Ine nditsegula khola."

Mundawo unali ndi mpanda wawaya ndi udzu wouma, ndipo chakumadzulo mapiri anali mbuu ndi chipale. A Orrin anaimika miyendo itatu ija, anamangirira kamera, n'kudzitsitsa pa kampando kawo kafupi, kongotsala pang'ono kukhala pansi, maondo akulira. Corinne anabwerera kugalimoto, ati akatenge fulasiki ya khofi. Khola litatsegulidwa, agalu asanu ndi awiri anatulukira limodzi, piringupiringu.

Vizsla uja anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali wofiira ngati njerwa yowotcha, wochepa m'chiuno, ndipo akamathamanga minofu inkachita kuoneka ikuyenda pansi pa chikopa. Dzuwa linatulukira pakati pa mitambo n'kumugwera pamsana, mapiri ali kumbuyo kwake. Ha! Chala cha a Orrin chinayamba chokha. Galuyo analumpha, anatembenuka, anaima mwendo umodzi uli m'mwamba, mphuno italoza kumphepo. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi mkuluyu anaiwala makiyi, anaiwala makatoni, ngakhale maondo omwe anawaiwala. Penapake mumtima ankadziwa ndithu kuti galu wotere sangakhale phee mphindi zisanu, kuti tsiku loyamba lomwe adzabalalitsa atsekwe onse a ku Freezout. Koma anati amutenga basi, amuuze Corinne kuti uyu ndiye, alandire makiyi awo. Tinene zoona, mdalayu anali akukonza bodza.

Sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji. Mphepo inkawawomba kumaso, zala zitachita dzanzi, koma msana wokha unali wofunda, ndipo iwo sanadabwe nazo, poti msana wawo unkafunda nthawi zonse akamajambula. Kenako anamva kunjenjemera. Sanakumve ndi khutu ayi. Kunayambira m'chiuno, pansipansi, ngati injini ya thirakitala ikamalira kutali, n'kukwera m'fupa la msana.

Dzanja lawo linatsika lokha n'kugwira ubweya.

"Ndamva, Opal," anatero, diso lidakali pa kamera. Kenako anacheuka, monga ankachitira nthawi zonse.

Corinne anali akubwera ndi fulasiki, adakali chapatali, pachipata. Ndipo pansi pa dzanja lawo panali galu amene anali asanamuonepo. Anagona atatsamiritsa nthiti zake kumsana kwawo, mutu utaloza kumbuyo, maso ali pa Corinne, akudzuma chamumtima. Galu wake wosaoneka bwino kwabasi: ubweya wanyankhalala wa mtundu wa fumbi, khutu limodzi long'ambika, miyendo yaifupi, ndevu zoyera kukamwa. M'chithunzi akanangooneka ngati chiguduli chimene chagwa pa lole.

A Orrin sanachotse dzanja. Apa m'pamene anakumbukira Opal bwinobwino. Nkhope sinabwere ayi, chinabwera ndi kulemera kwake pamsana, kupuma kwake, ndi kudzuma kuja kumene ankakumva m'mafupa kukamabwera ng'ombe, munthu kapena chilombo. N'chifukwa chake m'kompyuta monse muja munalibe nkhope yake. Galuyo anathera moyo wake wonse kumene kamera siyang'ana, ndipo iwo anatha miyezi inayi akumufunafuna kutsogolo. Chisoni chimene sanachimve tsiku limene ankamukumbira dzenje chinawapeza pamenepo, pamunda wa eni, mpaka anachita kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Wakhala pamenepo chitulukireni m'khola," anatero a Marlys atatsamira mpanda. "Mphindi makumi anayi. Ine ndimangodikira kuti mumuona liti."

"Ndi mtundu wanji?"

"Mayi wake anali wokusa ng'ombe. Bambo wake analumpha mpanda, sanasiye dzina. Iyeyu ndi Cobb. Anali wa mkulu wina woweta nkhosa kumapiri uku, anamwalira chaka chatha. Anthu akabwera kuno samuona n'komwe, onse amathamangira wofiirayo."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri, mwina zisanu ndi zitatu. Si mwana."

"Nanenso sindine mwana."

Corinne atafika, galuyo anamununkhiza nsapato n'kusiya kudzuma. Corinne anamuyang'ana mokayika.

"Ameneyu, Adadi? Pa pepala paja palibe."

"Wandiuza kuti ukubwera usanadutse pachipata."

"Mwina zangochitika. Inu mukungofuna makiyi."

"Makiyi ndikuwafunadi. Koma tamuyesa."

Namwino sakhulupirira za pakamwa. Corinne anawauza bambo ake kuti aike diso pa kamera osacheuka, ndipo iye anapita kukazungulira kuseri kwa khola n'kubwera chakumanja. A Orrin anakweza dzanja lamanja iye adakali kutali. Anayesanso kuchokera kumbuyo kwenikweni, dzanja linakweranso. Kachitatu anadikira nthawi yaitali dala, kenako n'kubwera chakumanzere, mbali ya khutu logontha, akunyang'ama, mayi wamkulu wa ana awiri. Cobb sanauwe, sanadzukenso. Anangotembenuza mutu n'kudzuma, ndipo a Orrin analoza kumanzere osachotsa diso pa kamera.

Corinne anaima pomwepo, manja ali m'chiuno, akupumira m'mwamba.

"Chabwino," anatero. "Ndiye mujambuleni. Uyu yekha akhale ndi chithunzi chake."

A Orrin anadzuka movutikira, ananyamula miyendo itatu ija n'kuitembenuza kuti kamera iloze pamene panagona galu. Cobb anadzuka, anadzinyolola, anazungulira n'kukagona kumbuyo kwa miyendo yawo. Anatembenuzanso, galu anazunguliranso. A Marlys anaseka mpaka njere kuwatsamwa.

"Musiyeni, bambo! Ameneyo ntchito yake akuidziwa kuposa inu."

Kachitatu a Orrin anangogwa mphwayi. Anawerama n'kuika diso pa kamera pamene inalozapo, ndipo m'menemo munalibe galu, munali Corinne. Anali ataima atafumbata fulasiki pachifuwa, mphepo ikumuulutsa tsitsi. Mwachizolowezi dzanja linapotoza galasi mpaka nkhope inaoneka bwinobwino, ndipo anaona zimene maso awo okha anali asanaone: imvi pamwamba pa makutu, zikope zotupa, mizere iwiri yozama m'mbali mwa kamwa, yofanana ndi ya mayi ake m'chaka chomaliza. Mwana uyu wakalamba liti? Maloweruka khumi ndi asanu ndi limodzi anakhala pambali pake m'galimoto, akung'ung'udza za makiyi, osamuyang'ana n'kamodzi komwe. Anayesa kukumbukira chithunzi chomaliza chimene anamujambula, ndipo anachita mantha, poti chimene chinabwera ndi cha tsiku limene anamaliza sukulu ya unamwino.

"Mukujambula chiyani?" anafunsa Corinne. "Galu ali kumbuyo kwanu."

"Ndikudziwa. Ima pomwepo."

"Aaa, Adadi, ayi. Sindinapese n'komwe."

"Ima, mwanawe."

Munthu amene anajambula Husky zithunzi mazana awiri anadina kamodzi kokha.

Atamaliza kusaina mapepala a Marlys, dzuwa linali litapendeka. Cobb anakwera m'galimoto osauzidwa, n'kukagona kuseri kwa mpando wa dalaivala. Corinne anaima pachitseko, makiyi ali m'manja, akuwatembenuzatembenuza.

"Kachipangizo ka m'khutu kaja muzivala."

"Kamaimba mluzu."

"Kaziimba. Ndipo masana aliwonse muzindiimbira foni. Mukadzaonanso mapazi..."

"Sindikuonetsa."

"Ayi! Muzindionetsa. Koma Adadi inu!"

"Nanga makatoni aja?"

Corinne anawayang'ana m'maso. "Ndikawasunga m'galaja. Sindikuwataya."

"Ndikudziwa," anatero a Orrin. Ankadziwadi kuti tsiku la makatoniwo lidzafika, galu kapena popanda galu, kungoti silinali la chaka chino. Anatambasula dzanja, ndipo makiyi anagweramo ali ofunda. "Kakhale uko, ugoneko."

Asanafike ngakhale pamsewu wa tala, Corinne anali atagona kale, mutu utatsamira zenera, kukamwa kuli yasa. A Orrin anayendetsa bwinobwino, manja akukumbukira okha kumene chiwongolero chimakokera. Kumsana kwawo, kudzera m'mpando, ankamva galu akupuma.

Atayandikira ku Choteau, atsekwe anadzuka. Anachokera chakummawa, ku Freezout, akupita kukadya m'minda, osati mzere umodzi ngati Lachinayi lija koma mtambo wathunthu, zikwizikwi, akuuluka pansipansi kudutsa pamwamba pa msewu. Dzuwa linali kumbuyo kwa galimoto, likuwawomba pamapiko, kumwamba kuli mitambo yakuda ya mvula. Kuwala kotere a Orrin anakuonapo kawiri kapena katatu m'zaka makumi anayi. Kamera inali pomwepo, pakati pa mipando, ndipo kutsogolo pang'ono kunali malo amiyala oimapo magalimoto. Phazi lawo linachoka lokha pa mafuta.

Anayang'ana pambali. Miyala ija ikanalira pansi pa matayala, chitseko chikanatseguka, mphepo yozizira ikanalowa. Corinne anali akuchita nkonono pang'ono, dzanja limodzi lidakali pa fulasiki. A Orrin anabwezera phazi pa mafuta n'kudutsa osaima, akuyendetsa pang'onopang'ono kuzemba maenje a mumsewu.